Mchere wa Amalume

Kwathu kuno nsomba ndi ndiwo, ndipo munthu woweta nsomba zongoziyang'ana ayenera kukhala ndi mtima wopirira chipongwe. Mlendo aliyense akalowa m'nyumba mwanga amayamba waima pa thanki yagalasi ili pangodyayo, nkuwerama, nkuyang'anitsitsa, kenaka nkufunsa funso lomwe anafunsa anzake onse: "Nanga zikakula mudzadya?" Ndikati sizikula kuposa pamenepo ndiponso si zodya, amandiyang'ana ndi chisoni chija timayang'ana nacho munthu amene mabuku anamuzunguza mutu.

Nsombazo ndi mbuna, zilipo zisanu ndi zitatu, zina zachikasu ngati nthochi yakupsa, zina zamtundu wa thambo ndi mizere yakuda. Dzina limeneli ndi la Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo linalowa m'mabuku a azungu kudzera mwa Geoffrey Fryer, amene anakhala kumeneko m'zaka za m'ma 1950 akufufuza za tinsomba ta m'miyala. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear makamaka pofuna kuteteza nsomba zoterezi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Lero mbuna zikusambira m'nyumba za anthu ku Germany, ku Japan ndi ku America, pamene ife eni nyanja ambiri sitinaionepo mbuna yamoyo. Zangazi nazo nyanja siziidziwa. Zinaswedwa m'thanki ya mnzanga, m'tauni momwe muno.

Amene sanawetepo amayesa kuti ntchito yaikulu ndi chakudya. Ai ndithu. Kunyanja mbuna zambiri zimangopala ndere pamiyala, ndipo m'nyumba kachakudya kotapa ndi zala ziwiri kamakwana tsiku lonse. Ntchito yeniyeni ndi madzi. Nsomba imadya, kupuma ndi kudzithandiza m'madzi omwewo. M'nyanja yotalika makilomita oposa 500 zimenezi sizidetsa nkhawa, koma m'bokosi la malita 100 ndi nkhani ina. Loweruka lililonse ndimachotsa malita 20 akale nkuthira atsopano, chigubu chimodzi chodzaza. Tsono poti ndimakhala m'tauni, madzi atsopanowo ndi apampopi, ndipo madzi apampopi ali ndi klorini.

Ndisanamunene klorini, ndiyambe ndampatsa ulemu wake. Ndi mpweya woopsa, wobiriwira mwachikasu, umene Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anaupeza mu 1774, ndipo Humphry Davy anautcha dzina mu 1810. Panapitanso zaka pafupifupi 100 anthu asanalimbe mtima kumuthira tsiku ndi tsiku m'madzi akumwa a mzinda wathunthu. Ku America unayamba ndi mzinda wa Jersey City mu 1908, pa uphungu wa dokotala wina dzina lake John Leal, ndipo m'zaka zotsatira matenda a taifodi, amene ankapulula anthu m'mizinda, anayamba kuchepa. Bungwe la WHO limati madzi akamafika pampopi pa munthu azikhala akadali ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita imodzi, ndipo pa nthawi ya mliri afike 0.5. Wotsalayu satsala mwangozi. Amamusiya dala kuti aperekeze madzi m'mapaipi ong'aluka aja, ndiponso kuti akawalondere m'ndowa mwa munthu, m'mene mumalowa kapu ndi zala za ana.

Koma mlonda wa mwana ndiye chigawenga kwa nsomba. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linaika malire akuti zamoyo za m'madzi zisakhale masiku anai m'madzi a klorini wopitirira mamiligalamu 0.011 pa lita. Tawerengani nokha. Kachepechepe kaja kamene WHO imafuna pampopi kamaposa malire amenewa ka 18. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Ife timamwa makapu angapo patsiku, ndipo klorini akalowa m'kamwa amakumana ndi malovu ndi chakudya nkutheramo mphamvu. Nsomba madzi ndiwo mpweya wake. Usiku ndi usana amadutsa m'makha, tija tofiira ta m'mbali mwa mutu timachotsa pokonza chambo, m'mene kakhungu kolekanitsa madzi ndi magazi nkopyapyala koposa kapepala ka fodya. Klorini amawaula kakhungu kameneka. Makha amatupa, amatulutsa mamina ambiri pofuna kudziteteza, ndipo nsomba imabanika ili m'kati mwa madzi odzaza ndi mpweya.

Ndinaziona ndi maso zimenezi kwa mnzanga wina wophunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale. Madzi anali atasowa masiku atatu, ndipo pobwera anabwera ndi fungo lamphamvu, monga zimakhalira akakonza mapaipi nkuthira mankhwala ochuluka kuti atsuke m'katimo. Mnyamata wosesa m'labotale anaona thanki yaphwera, ndipo pofuna kuthandiza anangolumikiza paipi. Pamene ife tinkafika nkuti nsomba zonse zili pamwamba kukamwa yasa, zina zikuthamanga uku ndi uku ngati zaona ng'ona. Panali yaikazi imodzi imene inali itafungatira mazira m'kamwa, pakuti mbuna imatero, imasunga mazira ndi tiana m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya. Imeneyo inalavula zonse. Pofika madzulo nsomba zinali zitayandama chagada, ndipo mnyamatayo anakhala pansi pakhomo mutu uli m'manja, wosamvetsa kuti madzi abwinobwino, amene iye yemwe anamwako, angaphe bwanji nsomba.

Pali zamoyo zinanso m'thanki zimene maso saona. M'sefa ndi m'miyala mumakhala mabakiteriya amene amadya amoniya, poizoni wotuluka m'thupi la nsomba, nkumusandutsa zinthu zosaopsa kwenikweni. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamapita mwezi kapena kuposerapo. Klorini sasankha kuti uyu ndi wa kolera, uyu ndi wantchito wa m'sefa, amangopsereza onse. Kotero ngakhale nsomba zipulumuke tsiku loyamba, zimatha kudzafa sabata yotsatira ndi zonyansa zawo zomwe.

Mankhwala akale a vutoli ndi kudikira. Klorini wamba sakhalitsa m'madzi osavundikira. Amachoka pang'onopang'ono, ndipo dzuwa limamufulumizitsa. Tsiku limodzi kapena awiri m'beseni lotambalala amakhala atatha, ndipo ukaikamo kapampu kophulitsa thovu nthawi imafupika. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma akuluwo sankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri m'mene beseni ndi limodzi, lochapira ndi losambitsira mwana lomwelo. Mukaliika panja nkhuku zimamwamo ndipo fumbi limagweramo. M'chigubu namo kukamwa nkochepa, klorini amachedwa kutuluka. Kuwiritsa kumathandiza, koma tauzani mai wa m'nyumba kuti makala agulidwa dzulo aja athere pa madzi a nsomba. Madzi amvula alibe klorini, inde, koma alibenso michere imene mbuna zinazolowera, ndiponso amatsuka malata ndi zonse za padenga. A pamjigo ndi abwinoko ngati mjigo uli pafupi ndipo mwawatakasa kuti alowe mpweya. Wathu uli kutali.

M'masitolo ena a m'tauni mumapezeka timabotolo tochokera kunja, tolembedwa kuti timakonza madzi a nsomba. Mtengo wake ndi wa ndiwo za masiku angapo. Tsiku lina ndinapita nako kamodzi kwa mnzanga wa sayansi uja kuti andiwerengere timalemba tating'ono ta kumbuyo. Anayang'ana nkuseka. Anati mankhwala ambiri otere mutu wake ndi sodium thiosulphate wosungunula m'madzi, ndipo anafunsa ngati sindinamvepo za haipo wa anthu otsuka zithunzi.

Haipo! Ndinamva fungo la chipinda chija nthawi yomweyo. Amalume anga, mlongo wawo wa amai, anali ndi situdiyo pa katauni kena m'zaka za m'ma 1980, ndipo pa tchuthi ine ndinali wotunga madzi wawo. Kutsogolo kunali nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi ndege, mpando umodzi ndi maluwa apulasitiki, pamene anyamata ankaima mwendo uli pampando, wotchi yobwereka ikuonekera bwino. Kumbuyo kunali chipinda cha mdima, nyali yofiira ndi mbale zitatu zafulati. M'mbale yoyamba nkhope ya munthu inkatulukira papepala pang'onopang'ono ngati mzukwa. Yachiwiri inali yoimitsa. Yachitatu ndiyo inali ya haipo, ndipo amalume ankati imeneyi ndi imene imadyetsa banja, pakuti chithunzi chosalowamo chimada bii chikangoona kuwala. Pepala lojambulira limapakidwa michere ya siliva. Pamene pagunda kuwala pamada, koma pena ponsepo mcherewo umatsala, kudikira kuti nawo ude. Haipo amasungunula wotsalawo nkuuchotsa, ndipo nkhope ya mkwatibwi imakhala chikhalire.

Ndinakawapeza kumudzi amalumewo, atakalamba, situdiyo itatsekedwa kalekale. Tinapatsana moni, tinafunsana za maliro ndi za mvula, kenaka ndinatula nkhani yanga.

"Haipo? Iwe, masiku ano aliyense akuyenda ndi situdiyo m'thumba, ukufuna kutsuka chithunzi cha yani?"

"Ndi wa nsomba, amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mlongo wanga anabereka zodabwitsa. Lowa, utenge chitini chili pamwamba pa kabati. Koma botolo lakuda lili pambali pakelo ulisiye, muli wotsukira kale."

M'chitinimo munali timibulu toyera toonekera, tokulirapo kuposa shuga, tina totalika ngati mpunga. Amalume ankangouti mchere, ndipo nkhope yake ndi ya mchere ndithu.

Pambuyo pake ndinawerenga mbiri yake ndipo ndinadabwa kuti kamchere kopanda ulemu kameneka kayenda malo ambiri chotere. Amene anatulukira kuti kamasungunula michere ya siliva ndi John Herschel, mu 1819, nthawi imene kujambula kunali kusanayambe nkomwe. Patapita zaka 20, mu 1839, ndiye anauza William Henry Fox Talbot, amene ankavutika kuti zithunzi zake zisamade. Dzina loti haipo ndi chidule cha dzina lake lakale, hyposulphite of soda. Opanga mapepala ndi nsalu nawo anamupezera ntchito ina: akayeretsa katundu wawo ndi klorini, ankathira haipo kuti aphe klorini wotsala asanadye ulusi. Pa 22 April 1915, ku Ypres m'dziko la Belgium, asilikali a Germany anatsegula mpweya wa klorini kuti mphepo iuperekeze ku maenje a adani awo. Zodzitetezera zoyamba zimene asilikali a Britain analandira zinali thonje ndi nsalu zoviikidwa m'haipo, zomanga pakamwa ndi pamphuno, kenaka thumba lovala kumutu loviikidwa momwemo. Mapapo a msilikali ndi makha a mbuna vuto lake linali limodzi. M'zipatala namo haipo alimo, pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika, monga wothandiza munthu amene walowedwa ndi sayanaidi, poizoni yemwe uja amai a kunyanja amachotsa poviika chinangwa chowawa asanasinje ufa wa kondowole.

Kakonzedwe kake nkosavuta, moti ndimachita manyazi kukatchula kuti luso. Ndimatenga magalamu 10 a timibulu tija, amene ndi pafupifupi masupuni awiri a tiyi osasefukira, nkuwathira m'kabotolo kakuda ka mamililita 100, nkudzaza ndi madzi owiritsa ozizira. Mukamakhutchumula botolo limazizira m'manja, pakuti haipo posungunuka amakoka kutentha. Tsopano mililita iliyonse ili ndi mamiligalamu 100. Oweta nsomba m'maiwe amawerengera magalamu 7 a haipo pa galamu imodzi ya klorini. Kawirikawiri wocheperapo amakwana, koma 7 ndi muyeso wosakusiya pangozi. Tiyerekeze kuti madzi anu ali ndi miligalamu imodzi ya klorini pa lita. M'chigubu cha malita 20 muli mamiligalamu 20, ndiye kuti mukufuna mamiligalamu 140 a haipo, pafupifupi mililita imodzi ndi theka. Ine ndimathira mamililita 2 ndi sirinji yopanda singano, ndipo tsiku limene madzi abwera akununkha ngati Jik ndimathira 4. Ndimatakasa, ndipo pasanathe mphindi imodzi klorini wasanduka kloraidi, yemwe uja ali mu mchere wa ndiwo. Fungo zii.

Mphuno si mboni yokwanira. Pali timapilitsi totchedwa DPD, timene azaumoyo amayesera madzi. Mukaponya kamodzi m'madzi a klorini amafiirira, ndipo kufiirako kumakula malinga ndi kuchuluka kwa klorini. Mnzanga uja anandigawirako tingapo. Madzi a pampopi anafiirira, a m'chigubu chothira haipo anakhala mbee. Sinditha kuyesa sabata iliyonse, koma ndimayesa nyengo ikasintha, makamaka mvula ikayamba, pamene mitsinje imada ndipo oyeretsa madzi amaonjeza mankhwala.

Kabotolo kameneka kakhoza kutha chaka, koma ine ndimakataya pakatha miyezi 6 nkukonza kena, chifukwa haipo wosungunula amaonongeka ndi kuwala ndi mpweya. Mukaona madzi ake achita mbuu, kapena pansi pakhala fumbi lachikasu, dziwani kuti salufa wayamba kulekana nawo. Kuthira moonjeza pang'ono sikupha nsomba, koma kukhuthula botolo lonse ndi uchitsiru, chifukwa haipo wochulukitsa amalanda mpweya wa m'madzi. Ndipo chenjezo la amalume lija si la ukalamba. Haipo wotsukira kale zithunzi amakhala atanyamula siliva, ndipo siliva wosungunuka amapha nsomba msanga ngati klorini yemwe. Ngakhale mankhwala atsopano a m'botolo otsukira zithunzi si oyenera, popeza ambiri ndi a ammonium thiosulphate wosakaniza ndi asidi ndi zina zolimbitsa pepala. Wofunika ndi wa timibulu yekhayekha. Amene mulibe amalume ojambula, funsani kwa ogulitsa mankhwala a m'malabotale a sukulu.

Pali njira ina imene ili pafupi ndi aliyense, ndiyo vitamini C. Magalamu awiri ndi theka amapha galamu imodzi ya klorini, kutanthauza kuti kapilitsi ka mamiligalamu 100 kosinja kamakwana zigubu ziwiri. Ndimaigwiritsa ntchito ndikakhala paulendo, koma sindiikonda. Mapilitsi ambiri amadza ndi shuga, utoto ndi zokometsera za malalanje, zimene nsomba sinapemphe. Mukaisungunula siichedwa kufooka, tsiku limodzi kapena awiri yatha. Ndiponso ndi asidi, pamene madzi a m'nyanja yathu amapendekera ku mbali ya soda, pakati pa 7.7 ndi 8.6 pa muyeso wa pH. Pa mlingo wochepa chotere kusinthako nkochepa, komabe mbuna sizikonda kuti munthu azisewera ndi madzi awo. Za makala ndingonena mwachidule. Amene amayamwa klorini bwino ndi makala okonzedwa mwapadera m'fakitale, okhala ndi timabowo tosawerengeka. A pambaula angokudetserani thanki.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg anagula mbuna m'sitolo kumeneko, akuti zimamukumbutsa kwawo, ngakhale kwawoko ndi ku Dedza, kumapiri. Iye vuto lake ndi lina. Madzi a kumeneko amayenda mtunda wautali m'mapaipi, tsono amawathira kloramini, amene ndi klorini womangidwa pamodzi ndi amoniya kuti asathe msanga. Nzeru imeneyi si yatsopano, mzinda wa Denver ku America unaiyamba mu 1917. Kloramini alibe nazo ntchito za kudekha kwa nkhono. Mungaike beseni padzuwa masiku angapo, iye ali momwemo. Haipo amamumasula ndithu, koma amangopha klorini nkusiya amoniya ali yekha, ndipo amoniya amaluma koposa m'madzi a soda, omwe aja mbuna zimafuna. Ndinamulembera kuti azisintha madzi pang'onopang'ono, osati theka la thanki nthawi imodzi, kuti mabakiteriya a m'sefa azitha kumeza amoniyayo, kapena agule mankhwala a m'sitolo omanga amoniya. Pamenepa pokha ndimavomera kuti botolo la kunja lili ndi chimene chitini cha amalume chilibe.

Zonsezi zinali masewera a munthu mmodzi ndi nsomba zake kufikira chaka cha kolera. Mliriwu unayamba ku Machinga mu March 2022, ndipo unafalikira m'maboma onse. Mu December boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Pamene unkatha nkuti utatenga anthu oposa 1,700. M'dera lathu alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo ndi klorini wosungunula, kuphunzitsa muyeso wothira m'ndowa ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Pashelefu panga panakhala mabotolo awiri, lina lothira klorini m'madzi a ana, lina lomuchotsa m'madzi a nsomba.

Kuseri kwa mpanda wanga kumakhala mai wina wachikulire amene akulera adzukulu atatu. Wamkulu mwa iwo, mnyamata wa Sitandade 6, ndiye ankabwera Loweruka kudzandigwirira paipi ndi kuwerenga mizere ya pa sirinji. Ndi iyeyo amene anakanena kunyumba kuti ndili ndi mankhwala ochotsa fungo. Madzulo ena maiwo anaodira pakhomo, anakhala pamkeka pakhonde, ndipo titatha malonje anatulutsa kabotolo m'nsalu.

"Bambo, ndabwera ndi pempho. Kamdzukulu kanga kaja kakukana madzi. Kakuti akununkha zochapira. Kuyambira m'mawa sikanamwe, milomo yauma. Ndamva kuti muli ndi mchere wina wochotsa fungoli. Mundigawireko pang'ono pokha."

Ndinawauza kuti mcherewo ndi wa nsomba.

"Ndi poizoni?"

"Ai, mai, si poizoni."

"Nanga tsono? Tinsomba tanuto, tosakhwima ngati timeneto, tikukhala m'madzi amenewo osafa. Mwana wa munthu ndiye angafe?"

Funso limeneli linali lolunjika, ndipo ndikanakonda kukhala ndi bodza loyankhira. Kukanakhala kosavuta kunena kuti haipo amapha. Koma sapha, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Madzi othira haipo ndi okoma, opanda fungo, oyera, ndipo alibenso mlonda. Kachilombo kalikonse kolowa m'ndowa pambuyo pake, pa kapu, pa chala, pa chivundikiro chogwera pansi, kamapeza pakhomo potsegula. Ndinawafotokozera zimene anandiuza mnzanga wa sayansi, kuti anthu oyesa madzi m'malabotale amaika dala haipo m'mabotolo awo otengera madzi, ndi cholinga choti tizilombo tili m'madzimo tisafe panjira, tikafike tamoyo kuti akatiwerenge. Ndinati mankhwala amene akatswiri amasungira tizilombo sangalowe m'ndowa ya ana mwezi umene anthu akugona m'matenti kuchipatala.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Ndamva, bambo. Kungoti kwathu mchere ndi moto sitimanana."

Mau amenewa anandilasa, chifukwa ndi oona. Ndinakulira m'mudzi m'mene mwana ankatumidwa ndi kambale kukapempha mchere khomo lililonse, ndipo womana ankatchuka mpaka ku chitsime. Maiwa anandisungirapo makiyi, anandilandirirapo alendo, anagona pa maliro a kwathu. Ndipo kunena mwachilungamo, kadontho ka haipo m'kapu ya mwana, pa nthawi yomwe akumwayo, madzi atakhala kale mphindi zake 30, sikakanalakwa kanthu. Koma ndinkadziwa ulendo wa kabotolo kakatuluka pakhomo panga. Palibe mai wotanganidwa amene angamayese kadontho pa kapu iliyonse. Kakanathiridwa m'ndowa m'mawa, mwina limodzi ndi klorini yemweyo, asanagwire nkomwe ntchito. Mawa lake kakanadumpha mpanda wina, pakuti fungolo linkadandaulitsa mudzi wonse, ndipo pofika Lamulungu theka la dera lathu likanakhala likumwa madzi okoma opanda chitetezo, aliyense akuthokoza bambo wa nsomba uja.

Ndinawauza zimene ndikanatha. Ndinati ayese bwino muyeso umene alangizi anapereka, pakuti ambiri ankathira moonjeza poganiza kuti akutetezeka kwambiri, ndipo fungo loboola m'mphuno lija limachokera pamenepo. Ndinati madzi akumwa awasunge mu mtsuko wovundikira pamthunzi, chifukwa madzi ozizira sanunkha ngati ofunda. A kamwanako awiritse padera nkuwasunga m'botolo lotseka. Ndipo ndinathyola mandimu anai mu mtengo wa kuseri nkuwapatsa, kuti akatunga m'kapu azifinyiramo pang'ono mwana asanamwe. Ndimu ili ndi vitamini C yemwe uja, ndipo imachotsa fungo m'kapumo pompo. Ndinabwereza kawiri kuti m'kapu, osati m'ndowa. Ubwino wa ndimu ndi woti imawawasa, munthu sangaithire m'ndowa yonse osadziwika.

Analandira mandimuwo ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu wozizira, nkunyamuka. Kabotolo kawo anakasiya pamkeka. Loweruka lotsatira mnyamata uja sanabwere, ndipo lotsatiranso sanabwere. Ndinachotsa haipo pashelefu nkumuika pamwamba pa kabati, monga ankachitira amalume, nditamata pepala lolembedwa ndi zilembo zazikulu kuti ZA NSOMBA, OSATHIRA M'MADZI AKUMWA. Madzi ndinkasintha ndekha, paipi ili m'dzanja limodzi, chigubu ndikuchigwira ndi bondo.

Ana atatu aja onse alipo, ndipo sindinena kuti ndi chifukwa cha ine, pakuti nyumba zambiri za m'dera lathu mliri unazilambalala popanda nsomba kapena mandimu. Mnyamatayo anayambanso kubwera mvula itatha. Moni wa agogo ake unabwerera pang'onopang'ono, poyamba wa mau awiri, kenaka wofunsa ndi za ana omwe. Koma mpaka lero akabwera ndi kambale kudzapempha mchere amaima pakhomo, maso ali pa thanki, nkunena momveka bwino kuti aliyense amve: "Wa ndiwo, bambo. Osati wanu uja."